Chenje cha wanu sauzande

Loweruka lapitali ndinali pakhonde pa achemwali anga kuno ku Nancholi, kumtunda pang'ono kwa msewu wa ku Chikwawa, kudikira kuti foni ilowe moto. Mwana wawo wamkazi, wa zaka 9, anali pageti ndi kulabokosi ya mafilizesi. Panaima bambo wina wa kabaza, thukuta lili kamukamu, n'kutenga atatu. Mmodzi ndi K150. Bambo uja anapereka wanu sauzande. Mwana sanayang'ane kumwamba, sanawerengenso zala. Anangopisa m'kachikwama kake n'kutulutsa faifi handiredi ndi fifite. "Chenje chanu ichi, bambo."

Madzulo ake mwana yemweyo anabwera ndi kope kuti ndimuonere homuweki. Ali Sitandade 4. Samu yachitatu inali 1000 kuchotsapo 450, manambala atandanda pamwamba ndi pansi monga timachitira. Yankho lake: 1450. Paliponse pamene anakumana ndi ziro pamwamba, anangotsitsa nambala ya pansi. Ndinamufunsa ngati bambo wa kabaza uja akanamupatsa chenje cha K1,450. Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Ankolo inunso! Zijazi ndi ndalama. Iyi ndi samu."

Mawu amenewa andizunguza sabata yonse. Msuweni wanga wina amaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina yakumudzi, ndipo wakhala akundisimbira za matabuleti amene anafika kusukulu kwawo, pomwe ana amasewera magemu a masamu atavala mahedifoni. Ambirife tikamva zotere timangoti ndi zija azungu amatibweretsera zitatha kale fasho kwawo. Koma mbiri ya magemu amenewa inayenda mwina, ndipo dziko lathu lili pakatikati pake penipeni. Kuti imveke bwino, ndiyambire kutali pang'ono, pa sileti ya agogo.

Agogo anga aakazi anaphunzira m'zaka za m'ma 1950, pasukulu ya mishoni. Sukulu zoterezi kuno kummwera zinamera kuchokera ku Blantyre Mission, imene amishonale a ku Scotland anatsegula mu 1876. Chida chachikulu cha mwana chinali sileti. Umalemba samu, aphunzitsi n'kuchonga, iwe n'kufufuta ndi malovu kapena kansanza kuti ulembe ina. Kunyumba sumapita ndi notsi. Zimene zalowa m'mutu ndi zomwezo, zimene sizinalowe zapita ndi kansanza.

Ndipo masamu awo a ndalama, abale, sanali amasewera. Nthawi imeneyo kunali mapaundi, masheleni ndi makobidi. Makobidi 12 amapanga sheleni imodzi, masheleni 20 amapanga paundi imodzi. Panalinso tiki, ya makobidi atatu. Tayesani iyi opanda kakyuleta ya pafoni: paundi imodzi, masheleni 7 ndi makobidi 9, muphatikize ndi masheleni 15 ndi makobidi 6. Makobidi akwana 15, ndiye kuti sheleni imodzi ndi makobidi atatu otsala. Masheleni akwana 23, ndiye kuti paundi imodzi ndi masheleni atatu. Zonse pamodzi: mapaundi awiri, masheleni atatu, makobidi atatu. Mu samu imodzi yomweyo umasenza pa 12, kenako umasenza pa 20. Ine ndi digiri yangayi ndinachita kulemba pansi. Agogo anandiyankha akusenda nandolo.

Amati khobidi la nthawi ya chitaganya linali lobooka pakati, moti amatha kulitunga pachingwe n'kumanga m'chiuno kuti lisatayike popita kusitolo. Mukumbukire chingwe chimenecho, tikumana nachonso.

Mu February 1971 dziko linasiya paundi n'kutenga kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasanduka K2, sheleni inasanduka 10 tambala, ndipo tambala 100 ndiye kwacha imodzi. Masamu a ndalama anapepuka tsiku limodzi: zonse zinayamba kuyenda m'makumi, chimodzimodzi manambala a pabolodi. Kunena zoona imeneyo ndiyo nthawi imene samu ndi ndalama zinayenera kukwatirana m'mutu mwa mwana wa ku Malawi. Koma anthu akuluakulu anapitiriza kuitana 10 tambala kuti sheleni ndi K2 kuti paundi kwa zaka zambiri, ndipo agogo mpaka lero akakwiya ndi mtengo wa sopo amautembenuzira m'mapaundi kuti amve bwino kupweteka kwake. Chaka chimenecho kwacha imodzi inali yamphamvu kuposa dola imodzi ya ku America. Werenganinso chiganizo chimenecho, sindinalakwitse.

Pali chinthu chinanso chimene sileti inasiya pakamwa pathu. Chichewa chili ndi kawerengedwe kake: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, kenako zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Ndi kawerengedwe ka zala, dzanja limodzi likatha n'kupita linalo. Koma ndani munamumva pamsika wa Limbe akunena kuti tomato ndi makwacha mazana asanu ndi limodzi mphambu makumi asanu? Tonse timati sikisi fifite. Ngakhale agogo amene sayankhula Chingerezi amati thuu sauzande. Ndiye mwana wa kuno amakula ndi manambala amitundu itatu: a Chichewa powerenga nkhuku, a Chingerezi chapakamwa powerenga ndalama, ndi olembedwa amene amangokumana nawo m'kope. Kusukulu timayembekeza kuti adziwa yekha kuti onsewa ndi apachibale.

Mbadwo wathu, ife obadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi ana a pulayimale yaulere. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi mu 1994, ana a m'sukulu za pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo mwina ine sindikanalemba izi chikanapanda kuchitika. Koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinaswane pa liwiro limenelo. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, n'kumawaphunzitsa ali kale pantchito. Pamene ine ndimayamba Sitandade 1, m'kalasi mwathu tinali opitirira 120, pansi pasimenti, miyendo yopiringizana.

Tiyeni tipange samu ina. Phunziro la mphindi 30 lili ndi masekondi 1,800. Mugawire ana 120. Mwana aliyense apeza masekondi 15, ndiye kuti aphunzitsi sanalembe pabolodi, sanaletse phokoso, sanatulutse amene akulira. Ine chaka chonse cha Sitandade 1 ndikukumbuka kuti ndinaitanidwa kubolodi kawiri. Masiku ena onse ndimayankha m'chigulu. Aphunzitsi akati "Thuu kuphatikiza thuu?" kalasi yonse "Folo!", iwe n'kutsegula pakamwa mochedwa pang'ono kuti umve kaye anzako. Umatha kufika Sitandade 4 ndi luso limeneli lokha, palibe wodziwa.

Chimene chinatipulumutsa ena a ife ndi zitsekerero za mabotolo. Mukuzikumbuka? Timatola kumagolosale ndi kumabala, kuziboola ndi msomali, kuzitunga pachingwe kapena pawaya, n'kuvala m'khosi popita kusukulu. Chingwe cha agogo chija chinabwerera, kungoti tsopano chopanda makobidi. Aphunzitsi amazitchula nzeru zimenezi kuti TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo a ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndiwo anazilimbikitsa kwambiri. Ubwino wa zitsekerero unali umodzi: zinali zako. Sumadikira kuitanidwa. Zala zako zimasuntha zitatu uku, zinayi uko, ndipo maso ako amaona kuti zakwana seveni. Pakona pa kalasi pamakhalanso kasitolo ka mapaketi opanda kanthu a shuga, machesi ndi sopo, ndi ndalama zojambula pamakatoni. Kasitolo kathu kanali ndi mitengo ya matambala pamene kunja tambala inali itasiya kale kugula ngakhale switi. Ndiye timagula "shuga" wa 50 tambala m'kalasi, tikaweruka n'kukatumidwa shuga weniweni ndi ndalama yapepala. Mwina mpamene nafenso tinaphunzirira kuti zijazi ndi ndalama, iyi ndi samu.

Mu 2008 kunabwera Tikwere, pulogalamu ya pawailesi ya MBC yothandizidwa ndi USAID. Ine ndinali nditakula kale, ndimangoimvera pawindo la makalasi a ang'onoang'ono: wailesi yopukusa ndi dzanja ili patebulo, nyimbo, kenako mawu a pawailesi akufunsa funso n'kukhala chete kuti ana ayankhe. Ana amaikonda zedi. Koma wailesi ilibe makutu. Mwana akayankha zolakwika, iyo imangopitirira n'kuyamikira onse.

Apa ndiye pamene nkhani ya kompyuta ikulowera, ndipo tituluke kaye m'dziko muno pang'ono. Magemu ophunzitsa masamu ndi ndalama ndi akale kuposa ambirife. Mu 1973, ku Minnesota m'dziko la America, Bob Jamison analemba gemu yotchedwa Lemonade Stand, imene pofika 1979 inali pamakompyuta a Apple II. Mwana amakhala ndi kabizinesi kogulitsa chakumwa cha mandimu. Gemu imamuuza m'mene nyengo ikhalire, iye n'kusankha makapu angati apange, mtengo ukhale wotani, ndi ndalama zingati aononge potsatsa malonda. Kukatentha amapindula. Kukagwa mvula makapu amatsala, mpamba n'kulowa pansi. Nditawerenga za gemu imeneyi ndinaseka ndekha, chifukwa ndi kulabokosi ya mwana wa achemwali yeniyeni. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa ku Minnesota akaluza amangoyambiranso, pamene kuno mafilizesi akasungunuka ndiye kuti ndiwo za madzulo zasungunuka.

Patapita zaka, mu 2005, Nicholas Negroponte anabwera ndi ganizo la One Laptop per Child: mwana aliyense wa m'dziko losauka apatsidwe kalaputopu kotchipa, aziphunzira yekha. Dziko la Peru linagula timalaputopu timeneti tochuluka zedi. Akatswiri a Inter-American Development Bank atafufuza m'sukulu zoposa 300 za kumidzi ya kumeneko, anapeza mu 2012 kuti ana anadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, koma pa masamu ndi kuwerenga panalibe kusintha kooneka. Ndikunena izi dala, chifukwa kuno timakonda kuombera m'manja tikaona nduna ikupereka makatoni a zipangizo pa TV. Makina paokha saphunzitsa mwana, zimatengera chimene chili m'katimo.

Tsopano tibwerere kwathu, ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, chaka cha 2013.

Ku London kunali kampani yotchedwa EuroTalk, imene ntchito yake inali kupanga mapulogalamu a pakompyuta ophunzitsa zinenero. Chichewa chinali m'gulu la zinenero zimene amagulitsa kwa alendo ofuna kudziwa kupereka moni. Anthu a kampani imeneyi, motsogozedwa ndi Andrew Ashe, anapanga magemu a masamu a ana ang'onoang'ono m'Chichewa n'kuwatcha dzina losavuta: Masamu. Pambuyo pake ntchitoyi inapita m'manja mwa bungwe losapanga phindu lotchedwa onebillion, ndipo anagwirizana ndi bungwe la VSO ndi unduna wa zamaphunziro kuti ayese m'sukulu za boma. Ntchitoyi inadziwika ndi dzina lakuti Unlocking Talent, ndipo mwa amene anaikapo ndalama munali maboma a Norway ndi Scotland. A Scotland omwe aja a sileti.

Gemu yake imayenda chonchi. Mwana amavala mahedifoni n'kugwira tabuleti. Pagalasi pamatuluka mphunzitsi wojambula, mayi, amene m'mapulogalamu a masiku ano amatchedwa Alefa. Amayankhula Chichewa. Amayamba waonetsa kaye yekha, kenako n'kumuuza mwana kuti ayese: kusankhula zinthu zofanana, kuwerenga zipatso, kukoka nambala ndi chala kupita nayo pamalo pake, kugawa zinthu mofanana, kuwerenga m'mafaifi ndi m'mateni, mpaka kuphatikiza ndi kuchotsera. Akakhoza pamatuluka chichongi ndi kaphokoso kosangalatsa. Akalakwa gemu simupititsa patsogolo, imamubwezera pomwepo kuti ayesenso, popanda mnzake womuseka. Kumapeto kwa mutu uliwonse kumakhala kamayeso. Intaneti siifunika, zonse zili m'katimo, ndipo moto umachokera ku sola.

Mukayang'anitsitsa, palibe chachilendo kwenikweni. Ndi zitsekerero zija, kungoti izi zimayankha. Ndi wailesi ya Tikwere, kungoti iyi yamera makutu. Mwana amene m'kalasi gawo lake ndi masekondi 15, apa mphindi 30 zonse ndi zake, ndipo palibe chigulu chobisalamo.

Chimene chinapangitsa Biwi kukhala yosiyana ndi mapulojekiti ambiri amene timawaona akubwera n'kuzimirira n'chakuti panali munthu woyeza. Nicola Pitchford, katswiri wa ku University of Nottingham, anatenga ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 n'kuwagawa mwamaere m'magulu atatu. Gulu loyamba limasewera magemu a masamu patabuleti kwa mphindi 30 patsiku, kwa masabata 8. Gulu lachiwiri linapatsidwanso matabuleti koma okhala ndi magemu ena osakhudza masamu. Gulu lachitatu linapitiriza kuphunzira m'kalasi mwa masiku onse. Gulu lachiwirilo ndi limene ine limandisangalatsa, chifukwa limayankha funso limene aliyense wokayikira angafunse: kodi si kungonyezimira kwa chipangizo kumene kukuwatenga mtima anawa? Zotsatira zinasindikizidwa mu 2015 mu Frontiers in Psychology, ndipo zinaonetsa kuti ana a magemu a masamu anapita patsogolo kuposa anzawo, makamaka a Sitandade 2 ndi 3. Kungogwira tabuleti sikunali kokwanira.

Kenako panachitika chinthu chimene sichichitikachitika. Ataona zotsatira za ku Lilongwe, anatenga magemu omwewo, m'Chingerezi, kukawayesa pa ana a sukulu ya Dunkirk mumzinda wa Nottingham ku England. Mu 2014 BBC inalemba kuti ana a kumeneko aphunzira m'masabata 6 masamu amene amatenga miyezi 18. Nambala imeneyo ine sindiimeza yonse, mitu ya nkhani imakonda kuthira mchere wambiri. Koma njira imene chinthuchi chinayenda ndiyo yofunika kuisunga: chinayesedwa kaye pa ana a ku Biwi, kenako n'kupita kwa ana a ku England. Nthawi zambiri katundu amayenda mobwerera, ife n'kulandira kaunjika.

Pali kanthu kena koseketsa pa nthawi yomweyi. Pamene mayi wa m'tabuleti amaphunzitsa ana kuwerenga m'Chichewa, lamulo latsopano la maphunziro la 2013 linanena kuti chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyambire Sitandade 1. Kuyambira 1996 ndondomeko inali yakuti makalasi anayi oyambirira aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Ndiye taonani: anthu a ku London akuvutika kujambula mawu a Chichewa kuti mwana amve samu, ife eni ake tikuthamangira kwina. Aphunzitsi a m'makalasi ang'onoang'ono, poti ndi amene amaona nkhope za ana zikasokonezeka, ambiri anangopitiriza kufotokoza m'Chichewa.

Za m'tsogolo mwake ndidutsepo msanga. Mu May 2019 onebillion inagawana mphoto yaikulu ya Global Learning XPRIZE ndi Kitkit School, aliyense madola 5 miliyoni, pampikisano umene ndalama zake anapereka Elon Musk ndipo unayesedwa kwa miyezi 15 m'midzi ya ku Tanga m'dziko la Tanzania. Bungwe lina, Imagine Worldwide, linachitanso kafukufuku wake m'sukulu za kuno. Ndipo mu 2023 boma linaitenga ntchitoyi kukhala yake pansi pa dzina lakuti BEFIT, kuyamba ndi sukulu 500, n'cholinga chakuti pofika 2029 ifike m'sukulu zonse za pulayimale za boma, pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Chifukwa chake sichobisika. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, wa ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba, anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14, ongokwana 13 okha ndi amene amatha masamu oyambira. Ena 87 aja ndi ife a m'chigulu, otsegula pakamwa mochedwa.

Msuweni wanga uja samayankhula ngati kabuku ka pulojekiti, n'chifukwa chake ndimamukhulupirira. Akuti tsiku la matabuleti ana sajomba. Akuti m'kalasi mwake muli kamnyamata kena kamene teremu yonse sikanatulutsepo mawu, iye n'kumaganiza kuti mutu wake ndi wouma, koma patabuleti kanawasiya anzake kutali. Vuto lake linali manyazi basi. Koma akutinso mahedifoni m'manja mwa ana a zaka 7 sakhalitsa, kukachita mitambo masiku atatu moto umachepa, ndipo makolo anachita kukhala pansi kukambirana za mlonda. Funso limene iye amafunsa ndi limene inenso ndili nalo. Zitsekerero zikatayika timakatola zina kuseri kwa golosale. Tabuleti ikafa pakatha zaka zisanu, othandiza atapita kwina, ya m'malo mwake idzagulidwa ndi madola, kuchokera m'thumba la boma lomweli limene limavutika kugula choko. Mbiri yathu ili ndi manda ambiri a zinthu zabwino zimene zinafa tsiku limene pulojekiti inatseka mabuku. Mawailesi a Tikwere aja ali kuti?

Komabe nkhani ya mwana wa achemwali sinayankhidwe. Iye kuwerenga amatha. Chimene chikusowa ndi mlatho pakati pa kachikwama ka pageti ndi kope. Ndipo si iye yekha. Mu 1985 akatswiri ena ku Recife m'dziko la Brazil anayesa ana ogulitsa malonda mumsewu: pogulitsa amakhoza pafupifupi zonse, koma masamu omwewo atalembedwa papepala amalakwa ambiri. Mu 2025 Abhijit Banerjee, Esther Duflo ndi anzawo anasindikiza zofanana ndi zomwezi kuchokera m'misika ya ku Kolkata ndi Delhi ku India, n'kuonjezapo mbali inayo: ana a sukulu okhoza papepala amasokonezeka ukawaika pamsika. Ndiye kuti mlathowu suduka mbali imodzi yokha. Ineyo ndi wa gulu lachiwirilo. Kondakitala wa minibasi ya ku Chikwawa amandiposa chenje tsiku lililonse.

Kuphunzitsa mwana wa ku Malawi za ndalama kuli ndi vuto limene Bob Jamison sanakumane nalo: ndalama yathu siikhazikika kuti uijambule. Buku kapena gemu ikati ilembe mtengo wa buledi, pofika chaka chamawa yasanduka nthabwala, ngati kasitolo kathu ka matambala kaja. Taonani m'moyo wathu wokhawu. Tili ana, faifi handiredi ndiyo inali ndalama yaikulu, yoti bambo akaitulutsa nyumba yonse imadziwa. Mu 2012 kunabwera K1,000, chaka chomwe kwacha inagwa kuchoka cha m'ma K168 kufika K250 pa dola. Mu 2016 kunabwera K2,000. Mu 2022 kunabwera K5,000, kwacha n'kugwanso ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti. Mwana wa zaka 9 wa lero tambala sanaigwirepo, amangoimva m'buku ndi m'khola la nkhuku. Malonda ake amayambira pa manambala a mahandiredi, pamene silabasi imamuyambitsa pa wanu mpaka naini. Pamsika ali patsogolo pa buku ndi zaka ziwiri, m'kope ali m'mbuyo.

Wina atha kunena kuti nanga vuto lili pati, poti chenje akubweza bwino? Vuto ndi lakuti ndalama yokhayo ikusanduka samu. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013. Lero achemwali anga akaoda shuga wa mafilizesi nthawi zambiri sagwira pepala lililonse, amangoona manambala akusintha pafoni. Pamene mwana uyu adzakhale ndi bizinesi yakeyake, faifi handiredi ya nkhope ya John Chilembwe imene amaizindikira ndi maso idzakhala 500 wolembedwa pagalasi, wokhala ndi ziro amene ukamuonjeza mmodzi mwangozi watumiza mpamba wonse. Adzafunika kuwerenga yekha kuti ejenti wadula zingati, kuti ngongole ya pafoni ya masiku ochepa ikubwezedwa ndi chiwongoladzanja chanji, ndi kuti uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi ndi wa akuba. Munthu amene amakhulupirira kuti 1000 kuchotsa 450 ikhoza kukhala 1450 bola zili zolembedwa, ameneyo ndi ndiwo za anthu ochenjera.

Ndipo tisanamizane, gemu ya ndalama imene yafala kwambiri m'mafoni a ku Nancholi si ya Alefa. Ndi kandege. Pitani pa siteji madzulo mukaone anyamata ataunjikana pa foni imodzi, maso ali pa nambala imene ikukwera, ang'onoang'ono ali m'mbali kusuzumira. Nayonso ikuphunzitsa kuchulukitsa, eti. Ili ndi mitundu yowala, kaphokoso kosangalatsa ndi yankho la pompopompo, zida zomwezija zimene zimamugwira mwana pa gemu ya masamu. Amene anaipanga samu yawo anaikhoza kalekale, ndipo yankho lake silikomera wosewera. Ngati ana athu sakumana ndi manambala a pagalasi kusukulu, kwa mphunzitsi wowafunira zabwino, adzakumana nawo koyamba pa siteji.

N'chifukwa chake ine, ndi kukayika kwanga konse pa za madola ndi mahedifoni, ndimafuna matabuleti aja afike m'sukulu iliyonse ya m'tauni muno, ndipo akafika asadzatsekeredwe mu ofesi ya ahedi kuopa kuti angaonongeke. Koma ndimafunanso kasitolo ka pakona kaja kabwerere, mitengo yake yolembedwa ndi choko kuti izifufutidwa kwacha ikagwa, ndipo wogulitsa akhale mwana ngati wa achemwaliyu, amene pa phunziro limenelo akhoza kuwaphunzitsa aphunzitsi.

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinamuitana. Ndinaika wanu sauzande patebulo pafupi ndi kope lake, n'kumuuza kuti andipatse folo fifite kuchokera pamenepo. Anati sizingatheke, mpaka ataiphwanya kaye. Ndinati aiphwanye. Anatenga kachikwama kake n'kuyala mahandiredi naini ndi mafifite awiri. Ndinamulozera maziro atatu aja m'kope, n'kumuuza kuti amenewa ndi matumba opanda kanthu, ndipo chimene aphunzitsi amachitcha kubwereka ndi chomwe wachita iyeyu, kupita kwa neba wa kumanzere kukaphwanyitsa ndalama yaikulu. Anayang'ana ndalama, anayang'ana kope, anayang'ananso ndalama. Anafufuta 1450 uja ndi chala chonyowetsa malovu, mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka, n'kulemba 550.

Kenako anakwinya nkhope. "Nanga bwanji amati kubwereka, ankolo? Poti sitibweza."

Ndisanapeze choyankha, pageti panamveka odi. Anasonkhanitsa ndalama zake mwachangu, n'kundibwezera wanu sauzande yanga ataiyang'ana kaye mbali zonse ngati ndi yong'ambika. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Awiri munadya dzulo aja ndi fili handiredi. Musati ndaiwala."